Bwezani K105,000 yanga, inu a sukulu ya pulaiveti ija pa Mangochi boma

Kwa a Dayilekita ndi a Hedi a sukulu ija ya pulaiveti pano pa boma. Dzina la sukulu sinditchula lero, mukudzidziwa nokha. Ndikudziwanso kuti muwerenga, chifukwa m'mawa uno mwaika pa tsamba lanu la Facebook zithunzi za ana atavala mataye, pamene uthenga wanga watha masabata awiri uli ku inbox kwanu osayankhidwa. Foni ya ku ofesi ndaimba mpaka mayunitsi kundithera. Ndiye ndati mwina makutu anu amatseguka bwino pagulu.

Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika, ndimakhala tsidya la mlatho wa Bakili Muluzi, njira ya ku Malindi. Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 6 mu June, wamaliza kumkombaphala kwathu kuno, ndipo mu September amayenera kuyamba Sitandade 1. Musaganize kuti ndinabwera kwa inu chifukwa chosowa kolowera ayi. Sukulu ya boma ili pafupi, mwana akhoza kupita wapansi phala lisanazizire, ndipo pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, zimenezi aliyense akudziwa. Koma Sitandade 1 ya kumeneko ndinaiona ndi maso anga. Ana ali thothotho m'kalasi, ena pansi pa mtengo wa mango, mphunzitsi mmodzi akukuwa mpaka mawu kusasa. Mkulu wake wa mwanayu anadutsa momwemo ndipo anafika Sitandade 4 akuwerenga mojejema. Sukulu ya mishoni yomwe anthu amaiyamikira ili kutali, ndiye kuti kabaza tsiku ndi tsiku. Pulaiveti ina ndinakafunsa, fizi ya teremu imodzi yofanana ndi mtengo wa belo lathunthu, ndinangothokoza n'kutuluka. Anzanga a ku banki m'khonde ndi amene anandiuza za inu, amvekere kumeneko ana amakhala ochepa m'kalasi ndipo amaweruka nthawi yabwino yoti apite ku madrasa masana. Ndinati basi, ndivutike ine, mwana ayambe bwino.

Ulendo woyamba unali chakumapeto kwa July, kaya kumayambiriro kwa August, masiku ndasokoneza koma ndalama sindinasokoneze. Fomu K10,000, lisiti munandipatsa, ndili nalo. Munati ndibwere ndi chiphaso chakubadwa cha ku NRB, buku la kusikelo ndi zithunzi ziwiri. Zithunzi ndinajambulitsa K4,000, fotokope K600. Njinga yamoto kuchokera kwathu ndi K3,000 kupita, K3,000 kubwerera.

Ulendo wachiwiri munati ndi wa intavyu ya mwana. Intavyu, abale anga, ya mwana wa zaka 6, ngati akufunsira ntchito ku banki. Ife nthawi yathu aphunzitsi amangoti dutsitsa dzanja pamwamba pamutu ugwire khutu, ukaligwira ndiye kuti wakula, lowa m'kalasi. Koma ndinati zinthu zinasintha, ndisakhale wotsalira. Ndinapereka K15,000. Nditafunsa lisiti, mayi a mu ofesi anati buku la malisiti latha. Tinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka adhana ya masana kumveka, kenako n'kutiuza kuti mphunzitsi wofunsa ana sanabwere, tibwere sabata yamawa. Koma potuluka mayi omwewo anandinong'oneza kuti malo akutha, ngati ndikufunadi ndisungitse malo ndi K80,000 tsiku lomwelo. Anandilembera nambala ya Airtel Money pa kapepala kong'amba mu kope. Ndalama imeneyo ndinalibe, ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, ndipo kwathu chiwongoladzanja ndi 20 peresenti, kutanthauza kuti ndikabweza K96,000. Ndinatumiza madzulo ake. Uthenga wotsimikiza uli mu foni mwanga, ndi dzina la amene analandira likuoneka bwinobwino.

Tsopano ulendo wachitatu, umene wandilembetsa zonsezi.

Mwana ndinamusambitsa m'bandakucha, ndinamuveka diresi lake la pa Eid, nsapato zopukuta, tsitsi lomanga timalibhoni. Njira yonse pa njinga amayeseza kuwerenga manambala mpaka 20, wakabaza mpaka kuseka, akuti ameneyu ndi dokotala wathu wamawa. Titafika tinapeza mayi aja a mu ofesi ali pa foni, akuseka ndi mnzawo, pa tebulo pali tchipisi. Ndinaodira kawiri. Anadzutsa maso, n'kundiyang'ana kuyambira pa mpango mpaka pa masilipasi, n'kubwereranso pa foni. Tinaima chilili, mpando wopanda munthu uli pomwepo. Kenako panalowa bambo wina makiyi a galimoto ali m'manja, mayi aja dzambatu, takulandirani bwana, khalani apa bwana, foni yomweyo kuidula. Bamboyo ndilibe naye chifukwa, sanalakwe kukhala ndi galimoto. Koma ine ndinabwera poyamba, ndipo ndalama yanga inalowa kale.

Atamaliza ndi bwanayo ndiye kunditembenukira, amvekere, "Iwe, ukufuna chani?" Iwe. Ine mayi wa ana atatu, wa msinkhu woti ndikanakhala mkulu wawo. Ndinameza malovu, ndikuti ndabwera ku intavyu ya mwana monga munanenera. Anatsonya, n'kuyitana mwana ndi chala. Mphunzitsi uja amanenedwa uja sindinamuone, intavyu yake anachititsa okha mayi a mu ofesiwo, ali chikhalire, dzanja lina likutola tchipisi. Anayamba kumuthira mwana Chingerezi chothamanga, mafunso atatu motsatizana, mawu okweza ngati akukalipira wakuba. Mwana amene kunyumba amayankhula Chichewa ndi ine, Chiyao ndi agogo ake. Mwana amene dzina lake amalemba yekha pa mchenga. Anangoti duu, atagwira chitenje changa, milomo ili njenjenje. Ndinati mayi, tamufunsani pang'onopang'ono, manambala amawadziwa. Iwo amvekere, "Kuno si kumkombaphala. Mwana wako wafeila. Ndiye ngakhale akanakhoza, fizi ya kuno ukanaikwanitsa iweyo?"

Mawu amenewa anayankhula mwana ali pomwepo, mlonda ali pakhomo, makolo ena awiri ali pa benchi. Sizinathe ndi mphindi zitatu. K15,000 ya mphindi zitatu, bizinesi yabwino zedi imeneyi, ife a kaunjika tikungotaya nthawi ndi dzuwa la ku Mangochi kuno.

A Dayilekita, ndikufunseni mwaulemu wonse. Mwana amapita ku Sitandade 1 kukatani ngati si kukaphunzira? Ngati mukufuna ana obwera akudziwa kale Chingerezi, inuyo fizi mumalandirira ntchito yanji? Pa chikwangwani chanu munalemba kuti mumalandira mwana aliyense, simunalembe kuti kupatula wa mayi wovala masilipasi. Ndipo ngati intavyu ndi imene imaweruza, n'chifukwa chiyani munatenga ndalama yosungitsa malo intavyu isanachitike? Malo ake ati amene ndinasungitsa? Nditafunsa zimenezi mayi aja anati za ndalama ndikaonane ndi a Hedi, a Hedi kulibe. Ndinatuluka mwana misozi ili mbwembwembwe. Pa mlatho anandifunsa kuti, "Amayi, kufeila n'chiyani?" Ine kuyang'ana mtsinje wa Shire, yankho osalipeza. Diresi lija mpaka lero akukana kulivala.

Ulendo wachinayi, sabata yotsatira kapena inzake, ndinapita ndekha kukafuna ndalama. Benchi langa mumsika ndinasiyira mnzanga. Mlonda, amene ndimamuyamikira chifukwa ndi yekhayo amene anandipatsa moni pamalo panu, anati a Hedi ali pa msonkhano. Ndinadikira pa geti mpaka thukuta kamukamu. Mayi aja potuluka kukagula zakumwa anandiponyera mawu akuyenda, osaima n'komwe, akuti ndalama zonse ndi non-refundable, kutanthauza kuti sizibwezedwa. Ati non-refundable. Fomu yanu ndinaijambula ndisanaibweze, ndaiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo, mphwanga amene analemba Fomu 4 wandiwerengeranso, mawu amenewo palibepo. Pa lisiti la K10,000 palibepo. Pa kapepala kong'amba kaja ndiye musanene. Lamulo limene limabadwa ndalama italowa kale m'thumba, kwathu kuno timalitcha dzina lina, koma lero ndadzuka ndi ulemu.

Tiwerengere limodzi, popeza ndinu a sukulu. Fomu K10,000, intavyu K15,000, kusungitsa malo K80,000, zonse pamodzi K105,000. Kabaza maulendo anayi K24,000. Zithunzi ndi fotokope K4,600. Yonse yotuluka m'thumba mwanga ndi K133,600, osawerengera K16,000 ya chiwongoladzanja ndi masiku anayi amene sindinagulitse. Za kabaza, zithunzi ndi chiwongoladzanja ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Koma K105,000 imene inalowa kwa inu ndikuifuna yonse, osachotsapo ngakhale K50. Poyamba ndimati fomu ndiisiye poti pepala munandipatsadi, koma m'mene mwandiyendetseramu, nayonso ibwere.

Ndikupatsani mpaka Lachisanu likudzali, 12 koloko masana. Likadutsa, Lolemba m'mawa ndikayambira kwa a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale, ku TDC, likulu la aphunzitsi a zoni yathu, kuchoka apo ku ofesi ya maphunziro ya boma pompano pa Mangochi, ndikafunse ngati sukulu yolembetsedwa mwalamulo imaloledwa kulandira ndalama za makolo pa nambala ya foni ya munthu popanda lisiti. Ndilemberanso a ISAMA, bungwe la sukulu zoyima pazokha, komanso a CFTC amene amamva madandaulo a ogula. Ndipo tsiku lomwelo dzina la sukulu ndidzalilemba pano ndi zilembo zikuluzikulu, pamodzi ndi chithunzi cha lisiti, cha fomu ndi cha uthenga wa Airtel Money. Ndidzalitumizanso m'magulu onse a WhatsApp amene ndilimo, la mumsika, la banki m'khonde, la amayi a ku mzikiti. Mukudziwa nokha kuti pa boma pano nkhani ikanenedwa mumsika m'mawa, pofika madzulo imakhala yafika ku Namwera ndi ku Monkey Bay. Mwina a Dayilekita simukudziwa n'komwe kuti pali ndalama zimene zikulowa pa nambala imeneyi. Ngati ndi choncho, ndakuthandizani, fufuzani m'nyumba mwanu. Ngati mukudziwa, ndiye kuti mwazolowera kudyera anthu masuku pamutu, koma ulendo uno mwakumana ndi mutu wolakwika.

Kupatula ndalama, ndikufuna mayi a mu ofesi aja apepese. Osati kwa ine, ine mumsika ndamvapo zambiri, khungu linakhuthala. Apepese kwa mwana. Agwade pa msinkhu wake amuuze m'Chichewa chomveka kuti sanafeile chilichonse.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amene mukusakasaka malo a ana nyengo ino, ndiuzeni ngati ndalakwa. Ndikudziwa ena mundiuza kuti ndinapupuluma kutumiza ndalama popanda lisiti. Ndavomera, ndinapusa, munthu akakuuza kuti malo a mwana wako akutha mutu sugwira. Koma kupusa kwanga sikupatsa munthu chilolezo chonyoza mwana wa zaka 6. Amene munaona zangati zomwezi pa sukulu imeneyi, ndipo ndamva kale awiri mumsika, sungani mauthenga anu a ndalama, Lolemba tikhoza kupitira limodzi. Amene mukundifunsa dzina ku inbox, dikirani Lachisanu, ndawapatsa mpata.

Mwanayo ndakamulembetsa kale ku sukulu ya boma ija ndimaithawa ija. A Hedi a kumeneko anandipatsa mpando, anayang'ana chiphaso chakubadwa, anaona kuti zaka 6 zakwana, n'kumufunsa mwana dzina lake m'Chichewa. Anayankha, n'kuwerenganso manambala mpaka 20 osauzidwa. Analemba dzina m'kaundula, basi, osatenga ndi tambala yomwe. Akakhala pansi pa mtengo wa mango, ndikudziwa, ndipo mtima wanga sunakhazikike nazo. Ndalama imene ndikanamugulira yunifolomu, chikwama ndi makope ili kwa inu, ndipo ku banki m'khonde tsiku lobweza K96,000 layandikira, kumeneko sadziwa za non-refundable.

Nambala yanga ili pa fomu imene muli nayo mu ofesi, pamwamba penipeni, ndinalemba ndi bolopeni yabuluu. Tumizani pa Airtel Money momwe munalandirira, ndipo ndalama yochotsera muikepo.