Apendikisi ikaphulika imabisala pa sikani

Akonzi,

Tipatseniko mpata tilankhule ndi anzathu ojambula odwala m'zipatala za m'maboma.

Apendikisi ndi kathumbo kotseka kumapeto, kumunsi kwa mimba mbali ya kumanja. Kakatupa, pa sikani ya ultrasound (yoyendetsa kachipangizo pamimba) kamapitirira mamilimita 6 kunenepa kwake ndipo sikaphwa ukakapanikiza. Izi ambiri amazidziwa. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti kakaphulika kamaphwa, mwina osaonekanso n'komwe. Ululu nawo umatha kuchepa kwa maola angapo. Wodwala akuti wapezako bwino, pepala likuti apendikisi sinaoneke, munthu n'kubwerera kumudzi mafinya akufalikira m'mimba.

Choncho musasake kathumbo kokha, muone zozungulira. Khoma lake limakhala ndi mzere woyera mkati, ndipo mzerewo ukaduka penapake ndiye kuti pabooka. Mafuta oyandikana nako amakhuthala n'kuwala kwambiri. Timadzi tochepa takuda bii timapezeka ngakhale kasanaphulike, koma madzi okhala ndi tinyenyeswa toyandama, makamaka atadziunjika pamalo amodzi, amenewo ndi mafinya. Afufuzeni kumbuyo kwa chikhodzodzo, ndipo kwa amayi kumbuyo kwa chiberekero, pakuti ndi kumene amatsikira. Kamwala ka chimbudzi chouma kamene kanatseka kathumboko kamawala n'kusiya mthunzi wakuda kunsi kwake. Mukaona kamwalako katatuluka kunja kwa kathumboko, musakayikenso kuti kaphulika.

Ekisire isakunamizeni. Mpweya woonekera pansi pa mapapo wodwala ataimirira supezeka kawirikawiri apendikisi ikaphulika, chifukwa khomo lake limakhala lotsekeka kale. Ukachuluka pamenepo, ganizirani za thumbo lobooka ndi thayifodi kapena chilonda cha m'mimba. Ukapanda kuoneka, sizitanthauza kuti m'mimba muli bwino.

CT, sikani ya makina aakulu ojambula m'kati mwa thupi ndi ekisire, imaonetsa bwino timpweya ta kunja kwa thumbo ndi pamene khoma lang'ambika, koma imapezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'tauni. Munthu amene mimba yauma gwa ngati thabwa, thupi latentha, mtima ukuthamanga, asadikire CT. Muikeni diripi, muyambe mankhwala opha tizilombo, muitane a opaleshoni. Kwa ana osafika zaka 5 chenjerani kwambiri, ambiri amafika kathumbo kataphulika kale, poti satha kuloza powawa ndipo makolo amayesa ndi matenda otsegula m'mimba.

Chonde, ngati simunakaone kathumboko, lembani papepala kuti "sikanaoneke, wodwala aonedwenso lero lomwe". Musalembe kuti zonse zili bwino.

Owerenga anu,
Ogwira ntchito yojambula odwala