Ndakaona kumene phala lija limachokera

Wokondedwa Nabanda,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kukulowa mpaka m'mafupa. Ndatha milungu itatu kuno ku Scotland kwa achemwali, ndipo nkhani iyi sindingaisunge mpaka ndidzabwerere ku Blantyre.

Ukukumbukira mmene tinkalawirira tambala woyamba kukaphika phala kusukulu, iwe mtolo wa nkhuni pamutu, ine ndowa ya madzi? Matumba a Likuni Phala akamatsitsidwa pa lole tinkangoti ndi za azungu, ndalama zawo sizitha. Lachinayi lapitali ndinakwera sitima ya ku Oban kuchokera ku Glasgow, n'kutsikira ku Dalmally, kamudzi ka pafupi ndi nyanja ya Loch Awe, kumene kuli likulu la Mary's Meals, bungwe limene limapereka phala lija m'masukulu. Mnzanga, ndinkayembekezera nyumba yosanja. Ndinapeza kashedi kamalata kopendekeka, kosasiyana kwenikweni ndi magolosale a ku Ndirande.

M'kashedi kameneka ndi mmene Magnus MacFarlane-Barrow, amene anayambitsa bungweli, ndi mchimwene wake Fergus anayamba kusungira zovala ndi chakudya chopita ku Bosnia nthawi ya nkhondo, mu 1992. Kanali ka bambo awo, anangobwereka. Mu 2002, chaka cha njala chija, Magnus anafika kwathu n'kukumana ndi mnyamata wa zaka 14 amene mayi ake anali kayakaya ndi matenda. Atamufunsa zimene amalakalaka, mwanayo anangotchula ziwiri: kudya mokwanira ndi kudzapitako kusukulu. Phala linayambira pamenepo, ndi ana 200. Lero ku Malawi kokha akumwa ana oposa 1 miliyoni.

Koma chimene chandikhudza kwambiri ndinachiona Lamlungu, titaweruka kutchalitchi. M'holo munali tiyi ndi masikono ogulitsa, ndalama zake za phala. Agogo ena a tsitsi la mbuu, manja akunjenjemera, ankawerenga makobidi m'kachitini ka mabisiketi, kuika m'timilu, kuwerenganso. Masikonowo anaphika okha usiku. Atamva kuti ndine wa ku Malawi ndipo ndinaphikako phalalo, anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Anafunsa ngati ana amalikondadi. Ndinawauza za mzere wa timakapu tapulasitiki, za ana amene amanyambita mpaka chala, ndi za ena amene amasiyako pang'ono kuti akapatse mng'ono wawo kunyumba. Misozi inalengeza m'maso mwawo, inenso chimodzimodzi. Si olemera ayi, Nabanda. Amadalira penshoni, ndipo jekete lawo linali lotha m'zigongono.

Akuti akusunga ndalama kuti adzafike ku Malawi kudzaona ndi maso. Apa ndinawauza zakukhosi. Ukudziwa mmene zinkatiwawira alendo ena akafika dzuwa litakwera, ife n'kuwavinira, iwo n'kujambula ana, kenako galimoto n'kuliza, osafunsa n'komwe dzina la mayi amene wakhala pamoto kuyambira m'bandakucha. Ndinawapempha kuti akadzabwera adzafike kusanache, adzagwire mthiko, utsi udzawalowe m'maso, adzamve kulemera kwa phala likayamba kulimba mumphika waukulu uja. Adzaone kuti amayi amenewa salandira ngakhale tambala imodzi, ndipo akachoka pamenepo khasu likuwadikira kumunda. Anavomera ndi mtima wonse, mpaka analemba m'kabuku kawo mawu akuti mthiko kuti asaiwale.

Ndawalonjeza kuti ndidzawatengera kwa amayi ako, poti ndi iwo anatiphunzitsa kutakasa phala osachita mibulu. Chonde uwaimbire foni uwauze, adziwiretu. Ndibwerera kumudzi kumapeto kwa mwezi uno, ndipo zithunzi za kashedi kaja ndikutumizira pa WhatsApp usiku uno. Undiperekere moni kwa bambo a ana.

Ndine mnzako wa pamoto,
Nangondo