Za majini a khansa ziyambire pa botolo la formalin

Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa za khansa ya m'mawere. Kafukufuku wa majini, tinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo, wapita patali, koma phindu lake kwa mayi wa ku Mitundu likhoza kuthera m'botolo limodzi losasamalika la formalin, mankhwala osungira nyama yodulidwa pa chotupa kuti isawole.

Asayansi anapeza kuti khansa ya m'mawere si nthenda imodzi. Ina imakula chifukwa cha mahomoni a estrogen, ndipo tamoxifen, piritsi limodzi patsiku kwa zaka zisanu kapena kuposerapo, amaigwira bwino. Ina, pafupifupi imodzi mwa zisanu zilizonse, jini yake ya HER2 imachulukana m'maselo, chotupa n'kumakula mofulumira. Imeneyi imafuna mankhwala a trastuzumab. Ina ilibe zizindikiro zimenezi, ndipo kawirikawiri ndiyo imagwira amayi obadwa ndi jini ya BRCA1 yowonongeka. Diso silingasiyanitse mitunduyi. Amaisiyanitsa ku labotale, monga ya ku Kamuzu Central Hospital yomwe inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project ya Yunivesite ya North Carolina ya ku America, poyeza kachidutswa ka chotupa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nyama ikangodulidwa, mapuloteni amene amasonyeza mtundu wa khansa amayamba kusweka. Nyamayo iikidwe mu formalin wa 10 peresenti ola limodzi lisanathe, ndipo formalin achuluke kakhumi kuposa nyamayo. Mankhwalawa amalowa pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola. Choncho bere lonse likachotsedwa, lichekedwe m'magawo osapitirira sentimita imodzi. Mukaliviika lathunthu, kunja kumalimba koma m'kati, momwe muli chotupa, mumawola. Nyama ikhale m'menemo maola 6 mpaka 72. Madzi amchere a saline sasunga nyama, ndipo kuiumitsa mufiriji kumang'amba maselo. Botolo likhale lotakata kukamwa, pakuti nyama ikalimba situlukanso pa khosi lopapatiza. Palembedwe dzina la wodwala, nthawi yodulira ndi nthawi yoviikira.

Izi zikaphonyeka, zotsatira zimatha kunena kuti chotupa sichidalira estrogen pomwe chikudalira. Mayi uja amamanidwa tamoxifen amene akanamutalikitsira moyo, ndipo palibe amadziwa kuti panalakwika, chifukwa pepala limabwera lolembedwa bwinobwino. N'zimene zimatisowetsa mtendere.

Tikupempha a Unduna wa Zaumoyo kuti formalin ndi mabotolo oyenera asamasowe m'zipinda zochitira opaleshoni m'maboma, malangizowa amatidwe pakhoma pafupi ndi tebulo, ndipo zidutswa zizinyamuka kupita ku labotale pafupipafupi kuti maola 72 asamapitirire. Kwa amayi ndi abale owadikirira: mukapita kukamva zotsatira, funsani adokotala ngati ayeza ER (chizindikiro choti chotupa chikudalira estrogen) ndi HER2.

Ndife,
Ogwira ntchito yoyeza zotupa,
Lilongwe.