Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya kafukufuku wa mankhwala a TB

Kabwata, Lusaka

Mwanawanga,

Dzulo pa foni tinkangolankhula tonse nthawi imodzi mpaka mayunitsi anatha usanandimve. Ndiye ndati ndilembe, mlongo wako akubweretsere ku Kanyamako pamodzi ndi nsinjiro zija.

Sindikukuletsa kulowa m'kafukufukuyo. Azakhali ako ayamba kale zoti anthu amenewo amagulitsa magazi kwa a satanic. Nyimbo imeneyo ndi yakale, chonsecho magazi ake ndi a m'timabotolo tochepa ngati chala. Ine ndimakumbukira zina. Ku chipatala chachikulu cha UTH anayesa mankhwala a Septrin pa ana oposa 500 okhala ndi HIV. Ena ankamwa weniweni, ena ankamwa ongofanana naye koma opanda mphamvu. Mu 2003 anaimitsa kafukufukuyo nthawi isanakwane, chifukwa zinaonekeratu kuti mwa omwa Septrin akumwalira ndi ochepa. Masiku amenewo timabokosi ta ana tinkapita ku manda a Chingwere ngati ku msika. Amayi amene anavomera aja anathandiza ana a anthu osawadziwa n'komwe.

Chimene chandisowetsa tulo ndi mmene unanenera kuti "amapatsa ya basi ndi chakudya." Ndalama imeneyo ndi yobwezera zimene wawononga panjira, si malipiro. Ukalowera iyo, tsiku limene maso adzachita chikasu kapena kusanza kudzakuyamba udzabisa, kuopa kuti akuchotsa. Ndimakudziwa, ndinakubala ndine. Ukamva chachilendo m'thupi ukanene tsiku lomwelo.

Chikalata chovomereza chija usasaine uli chiimire. Pempha kupita nacho kunyumba, ndipo Chingerezi chake chikavuta uwauze akupatse cha Chinyanja. Gulu limene udzagwere sasankha ndi dokotala, amachita maere pa kompyuta, ndiye mwina udzamwa mankhwala omwewo a miyezi 6 amene aliyense amamwa. Usadzadandaule kuti akubera. Afunse ngati a National Health Research Authority (oyang'anira kafukufuku wa zaumoyo) ndi a ZAMRA (oyang'anira mankhwala) anavomereza, amene adzalipire chipatala mankhwalawo akakuvulaza ndani, ndiponso nambala yoimba usiku. Ukafuna kutuluka uli ndi ufulu tsiku lililonse, ndipo thandizo lako ku kiliniki silitha chifukwa cha zimenezo. Wina akakuuza mosiyana, nyamuka.

Amake Chisomo uwauze lero, asamve kwa anthu. Kafukufuku wambiri amafuna kuti banja lisatenge pathupi panthawiyo, ndipo imeneyo si nkhani yoti ugamule wekha. Za mowa sindibwereza, chiwindi ndi chako.

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ubwere ndi chikalatacho, tiwerenge tonse. Magalasi anga atsopano ndinakatenga. Ndiphika chibwabwa chotendera, usadyeretu.

Ndine,
Amayi ako