Osagulitsa ma injini a masilinda 6 pa sikelo, ife tikuwafuna

Akonzi,

Zikomo pondipatsa kampata mu nyuzipepala yathuyi. Ine ndine makaniko kuno ku Ndirande, ndipo chandilembetsa ndi zomwe ndinaona sabata yatha ku Limbe pamalo pena pomwe amagula zitsulo zakutha. Anyamata awiri anali kuphwanya injini ya Land Cruiser yakale ndi chihamala, ija ya petulo ya masilinda 6 timaitcha 2F ija, ati kuti ikwane bwino pa sikelo. Ndinawapempha kuti aime kaye ndiione koma nkuti buloko atang'amba kale. Ndinasuzumira mkati, masilinda osalala bwinobwino opanda ndi mzere omwe, injini yoti ikanatha kulira zaka zina zambiri. Mtima unandiwawa zedi, mpaka pano ukundiwawabe.

Chifukwa chake nchakuti injini ngati yomweyo ndi imene ine ndi anyamata anga awiri ophunzira ntchito takhala tikupangira galimoto kuseri kwa galaja, chaka chachiwiri chino. Azungu amaitcha hot rod. Ndifotokoze pang'ono poti ambiri akamadutsa amangofunsa kuti madala chimenechi ndi chani, thalakitala kapena. Nkhaniyi inayambira ku California m'ma 1930, nthawi ya umphawi wadzaoneni ku America. Anyamata opanda ndalama ankatola ma Ford akale otchipa, Model T ndi Model A, nkuchotsa chilichonse cholemera, madigadi, denga, pena ndi boneti yomwe, nkuitsitsa pansi galimotoyo, nkuseweretsa injini kuti ikoke kwambiri, kenako nkukayesana liwiro pa nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave. Nde muone, sanali anthu olemera ayi. Anali anthu ngati ife a ku Ndirande, otola chitsulo apa china apo nkupanga chinthu choyenda.

Anzanga ena amene amaonera zimenezi pa YouTube amandinena kuti hot rod yeniyeni imafuna V8, injini ya masilinda 8 okhala mizere iwiri ngati chilembo V, ya 6 ndi ya lole yonyamula chimanga. Zoona, Ford atatulutsa V8 yotchipa mu 1932 ambiri anathamangira komweko. Koma panali ena ankakakamira ma 6 a Chevrolet, omwe anayamba kutuluka mu 1929, ndi a GMC, nkumawaika makabureta awiri kapena atatu ndipo ankawavutitsa a V8 aja ndithu. Komanso chimene anthu sadziwa nchakuti injini ya F ya Toyota, kholo la 2F, inatengera kapangidwe ka Chevrolet yomweyo, ndipo ma Bedford a petulo amene anadzadza m'misewu ya dziko lino nthawi ya makolo athu nawonso mtundu wake ndi womwewo. Ndiye ndikaika 2F mu galimoto yooneka ya makedzana sindinasocheretu, ndi mbumba imodzi. Nanga V8 yakale muipeza kuti mu Blantyre muno, ndipo gasiketi yake mukaigula kuti? Pomwe za Land Cruiser mukazungulira mu msika wa Ndirande kapena ku Limbe simubwerako chimanjamanja.

Koma ngakhale atandipatsa V8 yaulere ine ndingasankhebe 6 ya mzere umodzi, ndipo apa ndilankhule ngati munthu wa sipanala. Mapisitoni ake amayenda awiriawiri, 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4, gulu lililonse litatalikirana madigiri 120 pa kilankishafuti, nde kugwedeza kwa uyu kumafafanizidwa ndi mnzake, injini imangoyenda myaa osanjenjemera ngati za masilinda 4 zathuzi. Moto umayaka motsatana 1-5-3-6-2-4, nambala imene mwana aliyense wophunzira umakaniko kwa ine amailoweza asanagwire ndi waya wa pulagi yemwe. 2F ndi ya malita 4.2, inayamba kutuluka mu 1975, yonse ndi chitsulo cholemera kuyambira buloko mpaka hedi, thayimingi yake ndi ya magiya osati lamba woti akaduka mavalavu apindike. Siyothamanga kwambiri ayi, mphamvu zake zili pansi, imakoka ikungoguguda chonchi, ndipo pa zitunda za mu Blantyre muno ndi zimene munthu umafuna.

Thupi tinalipeza ku Lunzu, kabu ya Bedford yakale itakhala pansi pa mtengo wa mango nkhuku zikuikiramo mazira. Pansi ponse panali patadyeka ndi dzimbiri, tinadula nkuwotcherera malata atsopano, denga tinalitsitsa pang'ono. Tchasi ndi ya Toyota Stout, ya masipuling'i a malifu, ndipo nambala yake sitinaikhudze dala chifukwa mapepala ake alipo. Vuto lalikulu la 6 ndi kutalika. Injiniyi ndi yaitali moti tinachita kubweza kabu m'mbuyo kuti redieta ipeze malo, ndipo poti ndi yolemera tinalimbitsa tchasi powotcherera zitsulo mkati mwake mmene mukhale mamawuntingi. Ntchito imeneyi yokha inatidyera miyezi itatu, magetsi akathima basi tikhale, akayaka usiku tidzuke.

Pomwe ndinakondwa kwambiri ndi pa makabureta. Injini zimenezi zimabwera ndi kabureta imodzi pakati, nde silinda 1 ndi 6 zili kutali, mafuta amafika ochepa kusiyana ndi zapakati, mukamasula mapulagi mumaona okha kuti akumapeto ayera pomwe apakati ada. Tinapanga manifodi yathu ndi mapaipi, nkuikapo makabureta awiri a SU amene ndinawasunga kalekale kuchokera pa galimoto ina ya ku Mangalande, iliyonse kudyetsa masilinda atatu. Kuwalinganiza kuti azipuma mofanana ndi ntchito ya khutu, umatenga kapaipi kuika ku khutu nkumamvera mpweya uku ndi uku mpaka kulira kufanane. Mnyamata wanga wamng'ono anachita masiku anayi akulimbana nazo, tsiku lomwe anazipeza anakuwa ngati wagoletsa chigoli pa Kamuzu Stadium. Ekizozi nayo tinaigawa pawiri, masilinda atatu akutsogolo paipi yawo, atatu akumbuyo yawo. Kulira kwake akonzi sindingathe kukulemberani, ndi kwa bata koma kokhuthala, amayi ogulitsa mandasi pafupi nafe amati ikulira ngati ng'oma ya kumudzi.

Chenjezo limodzi kwa amene angafune kuyesa: petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol, nde mapaipi a labala akale ndi dayafulamu ya pampu ya mafuta zimafewa nkuyamba kudontha. Pa injini iyi manifodi ya mafuta ndi ya ekizozi zili mbali imodzi, dontho limodzi pa chitsulo chotentha ndi moto basi. Sinthani zonsezo zikhale zatsopano musanailize.

Ena amandifunsa za mafuta, eti mmene petulo akuvutira muno ndi mizere ija pa filing'i siteshoni munthu nkumapanga chigalimoto cha malita 4.2. Funso labwino ndipo sindikana, imamwa. Koma iyi si yopitira kuntchito tsiku ndi tsiku, ndi yotulutsa Lamulungu kupita ku Thyolo nkubwerako, kapena kunyamula akwati. Phindu lake lenileni ine ndaliona pa anyamata angawa. Masiku ano ana ambiri akumaliza maphunziro a umakaniko akungodziwa kulumikiza kompyuta, iwauze sensa yafa, agule ina asinthe. Sindikunyoza, magalimoto a ku Japan adzadza mu tauni muno amafuna zimenezo. Koma mwana amene watchera mavalavu ndi fila geji, waika mapoyinti mu disitibyuta, wamva ndi khutu lake kuti moto wafulumira kapena wachedwa, ameneyo injini amaimva kuchokera mkati ndipo ngakhale pa galimoto ya kompyuta sanamizidwa. Ndikanakonda a TEVETA ndi masukulu ngati Soche Technical ataganizirapo zoti kalasi iliyonse izimanga galimoto imodzi chonchi kuyambira pa tchasi, muli kuwotcherera, muli kukhoma, muli mawaya, muli penti, ntchito zonse pa chinthu chimodzi.

Za chitetezo ndisazisiye poti ndikudziwa wina ayankha kuti tikupanga bokosi la maliro. Stout inabwera ndi mabuleki a dilamu mawilo onse, ife kutsogolo taika a disiki, ndi masitala, pampu ya mabuleki ija, ya mizere iwiri kuti paipi imodzi ikaphulika ina igwirebe. Malamba a pampando alimo, chiwongolero sitinadule nkulumikiza ndi moto ayi, chimenecho ndimaletsa ngakhale kwa kasitomala. Ndipo siidzaponda msewu isanapite kukayezedwa nkupatsidwa COF. Pempho langa kwa a Road Traffic ndi loti atilembere poyera ndondomeko ya galimoto yomangidwa pamanja ngati iyi, injini ya kwina thupi la kwina, tidziwe zofunika tisanayambe kudula chitsulo, tizitsatira. Za mipikisano mu Chipembere Highway usiku ine ndimadana nazo. Ngakhale eni ake ku America anakhazikitsa NHRA, bungwe la mipikisano ya ma hot rod, mu 1951 kuti achotse anyamata m'misewu azikathamangira malo otetezedwa.

Koma pempho lalikulu likupita kwa inu amene muli ndi zitsulozi. M'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'mamishoni, kuseri kwa nyumba za agogo ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Zingwangwa, kuli ma Land Cruiser, ma Bedford, ma Nissan Patrol akale angokhala udzu utamera mkati. Akabwera a sikelo musafulumire. Itanani kaye makaniko wa m'dera lanu, amasule mapulagi, athire oyilo pang'ono m'masilinda, adikire masiku angapo ayese kuzungulitsa ndi sipanala pa pule. Ikazungulira, imeneyo ndi yamoyo, ndipo ife tidzakupatsani ndalama yoposa ya pa kilo. Ngakhale yogwira, hedi yake, kilankishafuti, manifodi, zonsezo ndi zofunika kwa wina.

Yathuyi yatsala mawaya a magetsi, galasi lakutsogolo ndi penti, tagwirizana kuti ikhale yakuda yosawala. Panopa tikusakasaka hedi ina ya 2F yosang'ambika yoti tisunge, nde amene ali nayo asaipereke ku hamala chonde, afunse amakaniko a ku Ndirande za galimoto ya kabu ya Bedford, amulozera.

Makaniko wokonda zakale,
Ndirande, Blantyre