Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Umisiri ndi Sayansi: tikupempha malo ophatikizirapo kafukufuku wa zachilengedwe

Olemekezeka a Nduna,

Ife amene timagwira ntchito ya kafukufuku wa zachilengedwe kuno ku Lusaka tabwera ndi pempho limodzi. Boma likhazikitse malo oti akatswiri azikumanako n'kuphatikiza ziwerengero zimene dziko lino linasonkhanitsa kale.

Taonani dambo la Kafue Flats. Chimangidwireni madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi m'zaka za m'ma 1970, madzi sasefukiranso monga kale. Lechwe, nyama zakutchire zokhala m'dambomu, zachepa, ndipo chitsamba chaminga cha Mimosa pigra chalanda msipu ku Lochinvar. Chachepetsa nyamazi kwenikweni n'chiyani, madzi, alenje osaloledwa, ng'ombe kapena chitsambacho? Zoyankhira funsoli zilipo, koma zamwazikana. Kampani ya magetsi ya ZESCO imadziwa madzi otuluka padamu, bungwe loyang'anira madzi la WARMA lili ndi miyeso ya mtsinje, a zanyengo ali ndi kaundula wa mvula, a nyama zakutchire ku Chilanga ali ndi ziwerengero za nyama zowerengedwa pandege, pamene zolemba za ophunzira zili m'mashelefu ku University of Zambia (UNZA) ndi ku Copperbelt University.

Anzathu a maiko ena anayamba kale kukhazikitsa malo otere. Malo otchedwa NCEAS anatsegulidwa ku Santa Barbara ku America mu 1995 ndi ndalama za bungwe la boma la National Science Foundation, kenako kunabwera SESYNC ku Annapolis, ku America komweko, mu 2011 ndi sDiv ku Leipzig ku Germany. Kachitidwe kake n'kofanana. Akatswiri amatumiza funso, komiti imasankha labwino, ndipo gulu la anthu 10 mpaka 20 limakumana pafupifupi sabata yathunthu, kangapo m'zaka ziwiri kapena zitatu. Aliyense amabwera ndi deta yake, ndiye kuti ziwerengero ndi miyeso imene anasonkhanitsa kale, palibe wopita kutchire kukasonkhanitsa yatsopano. Malowo amalipira ulendo, pogona ndi chakudya, komanso amapereka chipinda, intaneti yodalirika ndi akatswiri a kompyuta. Mapu a 2008 osonyeza mmene anthu awonongera nyanja zikuluzikulu za dziko lonse anachokera ku gulu lotere la NCEAS.

Pamene ntchito imakakamira ndi pa kuyeretsa deta, ndipo apa tikupempha mutimvetse bwino. Msodzi wina analembedwa nsomba zake m'makilogalamu, wina m'mabeseni. Nsomba imodzi ili ndi dzina la sayansi lakale m'buku lina, latsopano m'buku lina. Mapu akale a Zambia anajambulidwa pa muyeso wa malo wotchedwa Arc 1950 pamene GPS imatsata wina wotchedwa WGS84, ndiye mukaphatikiza osasintha, malo amasuntha mamita mazana angapo, ndipo m'dambo lathyathyathya kusuntha kotere kumaika mtunda pomwe pali madzi. Choopsa china ndi kampata kosalembedwa kanthu pa mndandanda wa ziwerengero: kodi owerenga sanapeze nyama, kapena chaka chimenecho ndege sinauluke? Mukaikapo ziro molakwika, chiwerengero chimaoneka ngati chagwa. N'chifukwa chake pamafunika wosamala deta wolembedwa ntchito yokhazikika, woti azilemba pa fayilo iliyonse amene anayeza, tsiku, malo, njira ndi muyeso wake, monga imachitira ndondomeko ya Ecological Metadata Language. Pakhalenso wofufuza mmodzi wa digiri ya udokotala wosenza ntchito pakati pa misonkhano, chifukwa ena onse akabwerera kumaofesi awo amatanganidwa ndi zina.

Maofesi amaumira deta poopa kuti ena adzatchukira thukuta lawo, ndipo manthawo ndi omveka. Pangano lisainidwe msonkhano woyamba usanachitike, lonena mwini deta, amene mayina awo adzalembedwe pa zotsatira, ndi nthawi yotsegulira detayo kwa onse. Malo okhala nyama zosowa abisidwe kuopa alenje. Pagulupo pakhale oyang'anira nyama, a ZESCO ndi oyimira asodzi ndi oweta ng'ombe, apo ayi zotsatira zidzathera m'magazini a sayansi.

Ndalama zake zikhale za zaka zisanu kapena kuposerapo, kudzera ku National Science and Technology Council. Malo otere a ACEAS ku Australia anatsekedwa mu 2014 thandizo litatha. Kuno muonjezepo magetsi a dzuwa ndi mabatire, poti chilala cha 2024 chinatisonyeza mmene magetsi amasowera, komanso deta isungidwe malo awiri osiyana.

Tikupempha kuti gulu loyamba likhale la Kafue Flats, ndi kuti inu mulembere maunduna anzanu kuti atsegule mafayilo awo.

Ndife anu modzichepetsa,
Ofufuza za chilengedwe, Lusaka