Fyuzi ya pa batire, amakaniko a ma wufa musamaidumphe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani ya ma wufa (masipika a bezi) ndi ma ampu (amplifier, kabokosi kokweza mphamvu ya nyimbo) omwe tikumangitsa m'magalimoto masiku ano. Mwezi watha Sienta yanga inatsala pang'ono kupsa pa msewu wa ku Salima, ana awiri ali kumbuyo. Kunayamba kafungo ka pulasitiki kenako utsi kufuka pansi pa kapeti, mwayi wake sipanala ya 10 inali pafupi ndiye ndinathamangira kukamasula batire manja ali njenjenje.

Titakanganula kapeti tinapeza kuti mnyamata yemwe anandimangira uja anangotenga waya ku positive ya batire n'kumulowetsa pa kabowo ka chitsulo chotchinga injini, opanda kalabala kotetezera, opanda fyuzi, basi mpaka ku buti. Chitsulo chija chakhala chikupala waya pa bampu iliyonse mpaka shoti. Nditamubwerera akuti "bwana ampu ili kale ndi fyuzi yake". Eya ilipo, koma imeneyo imateteza ampu, nanga waya yense ochoka ku boneti mpaka kumbuyo amuteteza ndani? Fyuzi imafunika ikhale pafupi ndi batire penipeni, osapitirira masentimita 45, kuti waya akagunda chitsulo idukiretu moto usanayambe. Kanthu kotchipa kuposa tayala limodzi koma ndi komwe ambiri akudumpha.

Vuto lina ndi loti magalimoto athu ambiri ndi a ku Japan, ma Vitz, ma Passo, ma Fit, ndipo wailesi yobwera nayo nthawi zambiri ilibe mabowo a RCA, olowetsamo mawaya otengera nyimbo ku ampu. Sikuti mpaka muizule ayi. Pali kabokosi kotchedwa line output converter, kamalumikizidwa ku mawaya a sipika zakumbuyo n'kutsitsa mphamvu kuti ampu ilandire bwinobwino, ma ampu ena amalandira okha mawaya a sipikawo pa high level input. Chachikulu osasokoneza plus ndi minus, mukatembenuza mbali imodzi bezi imathawa, wufa n'kumangopuma ngati nkhuku yachitopa.

Ndiye pali kawaya kakang'ono ka remote koyatsa ampu. Kameneka kamayenera kutenga moto pa ACC, waya yemwe amakhala ndi moto pokhapokha mwapotokola kiyi, kuti mukazimitsa kiyi nayo ampu igone. Wanga uja anakamangirira limodzi ndi waya wa batire, nchifukwa chake m'mawa uliwonse ndimapempha anansi kuti andikankhe, ine n'kumanamizira batire kuti yatha mpaka kugula ina, ndalama kupita ulele.

Earth nayo ikhale yaifupi, pa bawuti ya chitsulo cha bodi, mupale penti mpaka chitsulo chiwale, osati kungokoloweka pa kasikuluwu ka mpando. Mukamva kakulira m'masipika kotsatira injini mukaponda mafuta, yambani mwayang'ana pamenepo, komanso mawaya a RCA adutse mbali ina, wa moto mbali ina.

Ku ma shopu nakonso tikupusitsidwa. Waya amaoneka onenepa koma mukadula ndi chikopa chokhachokha, mkati timawaya ta aluminiyamu topaka mkuwa, mukapala ndi mpeni timayera. Ameneyu amatentha msanga, funani wa kopa weniweni, geji 8 pa ampu yaing'ono, geji 4 (wonenepa kuposa wa 8) pa yaikulu. Za 3000 watts zolembedwa pa katoni ya ampu zija ine zimandiseketsa. Onani fyuzi ya pa ampuyo, ngati ndi ya 30A ndiye ndi ma volti 14 omwe galimoto imapereka injini ikulira, mphamvu yake ili cha m'ma 400 basi, enawo ndi a pa katoni. Funsani za RMS, mphamvu yeniyeni yomwe ampu imatha kutulutsa mosalekeza. Ndipo gain, kopotokola ka pa ampu kolinganiza mphamvu yochokera ku wailesi, si voliyumu chonde, kuipotokola mpaka kumapeto ndi komwe kukuwotcha ma koyilo a wufa.

A ma Aqua ndi Prius inu, mawaya a olenji aja ndi a magetsi amphamvu a hybrid, munthu asawakhudze n'komwe, achikasu ndi a airbag. Komanso musanamasule batire dziwani kuti mawailesi ena a sikirini a ku Japan amadzitseka n'kumafuna code kapena ka SD card kake, mnzanga wina pano akungoyenda ndi sikirini ya zilembo za Chijapani osayimba kanthu.

Pempho langa kwa a TEVETA ndi loti anyamata omanga ma sound m'misikamu awaganizireko ndi timaphunziro tatifupi ta magetsi a galimoto, luso ali nalo koma zambiri amangoonera kwa anzawo. Yanga ndinakamangitsanso kwa auto electrician, fyuzi ndinaima pompo mpaka ndinaiona ndi maso anga, kapeti yokha ndi yomwe ikadali ndi chibowo.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe